Batani Loyamba la Malemu Yotamu

Amene anaipitsa dzina la Layitoni Mkwapatira ndi a Sitivini Kapalamula a ku Namiwawa, aja a magolosale atatu mu Blantyre. Atchulidwe poyamba penipeni, kuti pasakhale wofunsa pambuyo pake. Layitoni anawayendetsera galimoto zaka zisanu ndi chimodzi. Asanabwere kwa iwo anali atayendetsa zaka khumi ndi zitatu kwa azungu a bungwe lina. Zaka zonsezo palibe amene anadandaulapo kuti kwasowa ngakhale sipanala. Ndipo inu mukudziwa kuti dalaivala m'tauni muno amalembedwa ntchito chifukwa cha zimene bwana wake wakale wanena pa foni, basi.

Nkhaniyi inayamba ndi maliro. A Yotamu, mkulu wawo wa a Kapalamula, anamwalira ku Lilongwe Lachiwiri, n'kuikidwa Lachinayi. Loweruka m'mawa, abale asanamete n'komwe, a Kapalamula anamuitana Layitoni.

"Iwe, ukwere basi upite ku Lilongwe. Ukatenge galimoto ya achimwene. Mu buti muli chikwama, usatsegule."

"Bwana, asanamete?"

"Ndakufunsa za tsitsi ine?"

Aliyense amadziwa kuti katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atameta, atakhala pansi, n'kumuuza mwini wake kuti chakuti chikupita kwakuti. Ngakhale opemphera kwambiri amadikira. A Kapalamula sanadikire. Chikwama chija anali atalongedza okha tsiku la maliro, anzawo akadali kumanda. Munali wotchi, nsapato zakuda, jekete yotuwa ndi chipewa.

Mkazi wa malemu, a Nachisale, anamupatsira makiyi pakhonde. Sanalire, sanatukwane.

"Akutumani ndi alamu?"

"Eya mayi. Pepani, ine ndangotumidwa."

"Si inu ayi. Tengani. Koma mwabwera msanga, bambo. Eni ake sanatsikemo."

Layitoni anangoti ndi chisoni chikuwalankhulitsa. Akuliza galimoto, mayiwo anabwera pazenera n'kunena ngati akuuza mwana nthawi ya mankhwala: "Ankafika pakhomo kota tu sikisi. Zaka khumi ndi ziwiri, sanachedwepo."

Pa Lizulu anaima kuti agule madzi. Asanatsegule n'komwe chitseko, mayi wina wa mtedza wokazinga anathamangira galimotoyo, n'kuponya kapepala ka mtedza pa mpando wa kumanzere.

"Sindinaitanitse ine," anatero Layitoni.

"Si inu. Ndi abwanawo andikodola. Aja amandigula akamadutsa pano." Mayiyo anasuzumira m'katimo, nayang'ananso kumbuyo, nkhope n'kusintha. Anachoka osatenga ndalama, osatembenuka.

Layitoni sanadye mtedzawo. Atafika ku Blantyre anapeza kapepala kali kopanda kanthu, makoko ali pansi pa mpando. Anati mwina kanatseguka ndi mabampu a pa Zalewa. Anasesa, osauza munthu.

Chitseko cha galaja ya a Kapalamula chinali cha magetsi, chija chimakwera chokha m'mwamba ukadina rimoti. Galimoto ya malemu inali ndi mabatani atatu pansi pa galasi loonera kumbuyo. Mabatani amenewa amagwira ntchito ya rimoti, kuti munthu asamavutike kufufuza m'matumba, koma umayenera kuwaphunzitsa kaye chitseko chako. Layitoni ntchito imeneyi ankaidziwa, anaiphunzira kwa azungu aja. Anaona kuti batani loyamba linali lofufutika, chizindikiro chake chitatha ndi chala. Awiri enawo anali ngati sanakhudzidwepo.

Lamulungu madzulo anaimika galimoto panja, mphuno italoza ku galaja. A Kapalamula anakhala pa chiwongolero, iye ataima pazenera.

"Bwana, choyamba timafufuta za mwini wakale. Mudine mabatani awiri a m'mbaliwo pamodzi, musasiye mpaka kanyali kathwanime mofulumira. Zonse zimene galimoto imakumbukira zichoke. Tikatero ndiye tiyambe zathu."

"Loyambali limatsegula kuti?"

"Kwa malemu, ku Lilongwe."

"Ndiye ndifufutirenji? Nyumba ija ndi ya banja lathu. Ndikapita ndizilowa osagogoda. Alamu azingoona chitseko chikukwera." Anaseka. "Lisiye. Tiphunzitse lachiwiri."

"Bwana, za munthu wina sitisiya m'galimoto."

"Sukulu unalekera sitandade chani iwe?"

"Sikisi."

"Ndiye uzichita za sitandade sikisi. Bwera nayo rimotiyo."

Layitoni anagwirizira rimoti ya m'manja pafupi ndi galasi. Anadina rimoti, bwana akudina batani lachiwiri, mpaka kanyali kanasiya kuthwanima pang'onopang'ono n'kuyamba kuthwanima mofulumira. Galimoto inali itamva. Kunatsala kuti mota ya chitseko, ija ili kudenga la galaja, nayonso iidziwe galimotoyo. Pa motayo pali kabatani. Ukakadina, mota imayatsa nyali yake n'kumvetsera kwa theka la mphindi. Aliyense amene angaiitane m'nthawi imeneyo, imamusunga ngati wa pakhomo.

"Ndikakuwa, mudine lachiwirilo katatu," anatero Layitoni, n'kukwera makwerero.

Anadina kabatani kaja, nyali inayaka. Nthawi yomweyo foni ya a Kapalamula inalira. Anatuluka m'galimoto, n'kuyamba kuzungulira pa kapinga akukalipira munthu wina za matumba a shuga. Layitoni anangoti basi, tiyambiranso.

Ndiye mota inati khe. Nyali yake inathwanima kawiri. Chitseko chinayamba kutsika chokha, n'kuima pakati, n'kukweranso.

Layitoni ali pamakwerero anayang'ana m'galimoto. Munalibe munthu. Koma pansi pa galasi kanyali kaja kanali kakuzima kumene.

"Mwadina, bwana?"

"Ndidine ndi chiyani, ndili kuno?"

"Chavomera munthu wina."

"Chavomera mphepo. Yambiranso, ndili ndi zochita."

Anayambiranso, batani lachiwiri linagwira bwinobwino. A Kapalamula anasewera nalo ngati mwana, kutsegula, kutseka. Layitoni akupinda makwerero anayang'ana pa foni yake. Inali itangodutsa kota tu sikisi.

Lolemba anabwera ndi bwana faifi koloko, analowetsa galimoto, natseka. Anakhala kuseri kwa khitchini akumwa tiyi ndi Esinati, mayi wophika pakhomopo, amene anali atagwira pamenepo nthawi yaitali kuposa iye. Ali chikhalire anamva chitseko cha galaja chikukwera.

"Abwana akutulukanso?" anafunsa Esinati.

"Ali m'bafa."

Anapita kukaona. Chitseko chinali pamwamba, galimoto ili momwe anaisiyira. Chinakhala chotsegula kanthawi kokwanira kuti galimoto ilowe, munthu azimitse injini. Kenako chinatsika chokha. Galu wa pakhomopo, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anali atagona pansi, mutu uli pakati pa miyendo.

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Layitoni sankafunikanso kuyang'ana nthawi. Akamva chitseko, ankadziwa.

M'mawa uliwonse ankapeza mpando wa dalaivala utabwerera m'mbuyo. Layitoni ndi wamfupi, amayendetsa chifuwa chili pafupi ndi chiwongolero. A Yotamu anali wamtali, woti polowa pakhomo ankawerama. Wailesi ankaisiya pa nkhani za mpira, n'kuipeza ili pa nyimbo za kwaya. Ndipo pansi pa mpando, makoko a mtedza. Osati ambiri. Ongokwana dzanja limodzi.

"A Mkwapatira, mwayamba kudya mtedza m'galimoto ya abwana?" anatero Esinati atamuona akusesa.

"Ine mtedza umandipweteka m'mimba."

Esinati anasiya kuseka. "Ndiye musandiuze. Sindikufuna kudziwa. Ine ndimangomva chitseko cha kukhitchini chikugwedezeka nthawi imeneyo, ngati munthu wadutsa mofulumira. Ndimati ndi mphepo. Inunso muziti ndi mphepo."

Lachinayi kunasowa wotchi. A Kapalamula anali ataivala masiku atatu, akuionetsa anzawo ku kalabu. Anaivula pobwera kuntchito, naiika pa tebulo la kuchipinda. Potuluka m'bafa, palibe.

Loweruka kunasowa nsapato. Zinali zazikulu kwa iwo, ankazivala ndi masokosi awiri. Anazisiya pakhomo la khitchini kuti Esinati azipolishe. Esinati analowa kukatenga bulashi, chitseko cha galaja chinalira, potuluka anapeza pansi pali mbee.

A Kapalamula anamuitana Layitoni pabalaza, akazi awo ali pomwepo.

"Galaja imatseguka tsiku lililonse nthawi imodzi. Ikatseguka, chinthu chimasowa. Amene anakonza mabatani ndani?"

"Ndine, bwana."

"Amene amadziwa zophunzitsa marimoti pakhomo pano ndani?"

"Ndine."

"Ndiye unaphunzitsa rimoti ina ya mnzako. Amaima kumpanda, amadina, iwe umamupatsira katundu."

"Bwana, geti la kumsewu limakhala lokhoma. Ndipo mwaona kuti zikusowa ndi za ndani? Wailesi ya kanema ilipo. Mafoni alipo. Zikuchoka ndi za m'chikwama chija zokha."

"Chikwama chiti?" anafunsa akazi a bwana.

A Kapalamula anamuyang'ana Layitoni moti akanakhala ndi mpeni m'maso akanamucheka. Iwo anali atauza akazi awo kuti wotchi ndi nsapato anagula okha ku Lilongwe.

"Tuluka," anatero.

Madzulo omwewo a Kapalamula anakauza anzawo ku kalabu kuti dalaivala wawo wayamba kuba. Ku kalabu kuja n'kumene kumakhala onse olemba madalaivala mu Blantyre.

Layitoni sanagone nazo. Lolemba masana, bwana ali ku golosale, anakwera makwerero n'kuzula pulagi ya mota pa soketi. Anati tione. Kota tu sikisi, iye ataima pabwalo, chitseko chinakwera. Chinakwera mwakachetechete, popanda kulira kwa mota kuja, ngati wina wamphamvu akuchinyamula ndi dzanja limodzi. Chinadikira. Chinatsika. Tsiku limenelo kunasowa jekete, imene inali yokoleka m'kabati yokiya.

M'mawa mwake, akupita nawo kuntchito, analankhula osawayang'ana.

"Bwana, ndiloleni ndifufute. M'galimoto ndi pa mota pomwe. Mphindi ziwiri zokha. Kapena tiibweze galimotoyi mpaka amete, muwauze achimwene anu bwinobwino. Munthu uja akubwera kunyumba nthawi yake. Tinamutsegulira tokha."

"Ukundiopseza ndi mizimu kuti ndisiye za wotchi yanga?"

"Si yanu, bwana."

Anafika pa golosale. Potsika a Kapalamula anati, "Lero ndikhalamo ndekha m'galajamo. Iwe udzakhala pambali panga. Ndikufuna ndimuone mnzakoyo."

Tsiku limenelo magetsi anazima kuyambira masana, dera lonse. Hafu pasiti faifi a Kapalamula anatsitsa chitseko ndi manja, galimoto ili m'kati. Marimoti onse awiri ndi makiyi a galimoto anaika m'thumba la thalauza. Anamusecha Layitoni mpaka m'masokosi, n'kumuimika kukhoma manja ali pamutu ngati mbava ya pamsika. Esinati anamuuza aime pakhomo lolowera kukhitchini, akhale mboni. Kenako anatenga chipewa cha malemu, chimene chinali chokhacho chotsala, n'kuchiika pa boneti.

"Nachi. Chichoke ndikuona."

M'galajamo munali kamdima, kuwala kumangolowera m'mphepete mwa chitseko. Kunkatentha. A Kapalamula anakhala pa chigubu, akusewera ndi foni. Panja ana a kusukulu ankadutsa akuphokosera. Kenako phokoso linatha. Galu analira kamodzi, kulira kwa galu amene wapondedwa, n'kukhala chete.

"Abwana," ananong'ona Esinati. "Galasi."

M'galimoto yokiya, yozimitsa, kanyali ka pansi pa galasi kanali katayaka. Onse atatu anamva batani likuti khe. Layitoni ankadziwa kulira kwa batani lililonse. Lachiwiri linali lolimba, latsopano. Ili linali lofewa.

Chitseko chinayamba kukwera. Kuwala kwa dzuwa lolowa kunayamba kumapazi, kukwera m'miyendo, mpaka kumaso. Onse anayang'ana panja. Panalibe munthu. Panali msewu wa konkire, geti lokhoma, ndi galu atagona chafufumimba.

Kumbuyo kwawo mpando wa dalaivala unalira, ukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Galimoto inatsika pang'ono mbali imeneyo, monga imachitira munthu wolemera akakhalamo. Kenako inakweranso. Fungo la mtedza wokazinga linadzaza m'galaja. Esinati anadzikanikiza kukhoma, ngati akupereka njira, ndipo chitseko cha kukhitchini chinagwedezeka pambali pake.

Layitoni manja anali akadali pamutu. Anawayang'ana a Kapalamula. Foni inali itagwa pansi. Ndipo Layitoni anamva ndi makutu ake mawu amene anatuluka pakamwa pawo.

"Achimwene."

Chitseko chinatsika. Mdima unabwerera. Atayatsa tochi ya foni, pa boneti panalibe chipewa. Palibe amene anachiona chikuchoka.

Layitoni anatsitsa manja yekha, popeza panalibe womuuza.

"Mwaona, bwana."

A Kapalamula anatola foni, napukuta fumbi pa thalauza, n'kulowa m'nyumba kudzera khomo la kutsogolo. Kukhitchini sanadzereko.

Layitoni anapita kwawo ku Ndirande mtima uli m'malo. Anauza mkazi wake kuti zatha, bwana waona yekha. M'mawa anafika sikisi koloko monga mwa masiku onse. Anapeza a Kapalamula ataima pageti ndi akazi awo.

"Vula yunifolomu. Ntchito yatha."

"Bwana?"

"Wandibera wotchi, nsapato, jekete, chipewa. Uthokoze kuti sindikukutengera kupolisi."

"Bwana, dzulo munali pomwepo. Munawaitana nokha achimwene anu."

"Dzulo ndinaona dalaivala wochenjera ndi mawaya ake. Choka."

Ankalankhula akuyang'ana pamwamba pa mutu wa Layitoni, osati m'maso. Esinati anali pazenera la khitchini. Layitoni atamuyang'ana, anatseka katani. Ali ndi ana anayi, simungamunene.

Inu ganizani. Kuti a Kapalamula anene zoona, anayenera kuuza akazi awo kumene kunachokera wotchi. Anayenera kuuza abale kuti analowa kuchipinda kwa malemu anzawo ali kumanda. Anayenera kubwerera ku kalabu kukanena kuti ndinanama. Anaona kuti chopepuka n'kutaya dalaivala.

Sabata yomweyo galimoto ija inabwerera ku Lilongwe itakwezedwa pa lole. Palibe amene anavomera kuiyendetsa, ndipo eni ake a magolosale sanafune n'komwe kukhudza chiwongolero.

Layitoni anafunsira ntchito malo atatu. Konse ankamulandira bwino, ankaona laisensi yake, ankamuyesa pamsewu n'kugwedeza mutu kuti inde. Kenako ankaimba foni kwa bwana wake wakale. Wachitatu, mwenye wa sitolo ya matayala, ndiye anamuuza mosabisa: "Iwe umayendetsa bwino. Koma a Kapalamula akuti zinthu zimasowa ukakhalapo."

Patatha mwezi, a Nachisale anamuimbira. Nambala anaipeza kwa Esinati.

"Bambo, ndamva zimene zakuchitikirani. Tinameta Loweruka lapitali. Titatsegula kabati ya malemu kuti tigawe zovala, zonse zinali momwemo. Jekete pa hang'ala yake. Nsapato pansi pake. Chipewa pamwamba. Wotchi m'kabokosi kake, ikuyenda."

"A Kapalamula analipo?"

"Ndi amene anatsegula kabatiyo. Anakhala pansi pa bedi. Atafunsidwa chimene akufuna kutenga, anati palibe."

"Ananenapo za ine?"

"Ayi, bambo. Sananene."

"Nanga galimoto?"

"Tinawauza eni ake kuti yapita kwa mwana wawo wamkulu. Mwanayo anafufuta mabatani onse tsiku lomwelo, tonse tikuona. Kuno kuli bata."

Layitoni anapita ku Namiwawa katatu. Sankafuna ntchito, sankafuna chipepeso cha pakamwa. Ankafuna kalata ya mizere iwiri yonena kuti Layitoni Mkwapatira anandigwirira zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sanabe kanthu. Ulendo woyamba anauzidwa kuti abwana agona. Wachiwiri, abwana ali pa foni. Wachitatu anakumana nawo maso ndi maso akutuluka pageti ndi galimoto yawo yakale. Anatsitsa galasi pang'ono.

"Ndilemba, ndilemba. Ubwere sabata yamawa."

Akutseka galasi anafunsa motsitsa mawu, osamuyang'ana: "Kodi za pa mota zija, amafufuta bwanji?"

Paja m'galimoto anafufuta ku Lilongwe, koma mota ya ku Namiwawa palibe anaifufuta. Esinati akuti anaitana amisiri awiri. Woyamba anakwera makwerero, anagwira kabatani, n'kutsika n'kuchoka, ndalama yake osatenga. Wachiwiri anangofika pakhomo la galaja n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito ina. Mota inazulidwa pa magetsi kalekale. Galimoto yawo a Kapalamula amaimika panja, pa dzuwa ndi pa mvula. Ndipo kota tu sikisi chitseko chimakwerabe, chimadikira, chimatsika. Palibenso chimene chimasowa. Amangobwera. Nthawi imeneyo a Kapalamula sapezeka pakhomo, amakhala ku golosale mpaka seveni ngakhale kulibe kasitomala.

Layitoni anawayankha pageti paja. "Kufufuta n'kosavuta, bwana. Mphindi imodzi. Mukalemba kalata ndidzakwera ndekha makwerero."

Papita zaka ziwiri. Layitoni amapalasa njinga ya kabaza pa Ndirande, laisensi yake ili m'thumba la pulasitiki pansi pa matiresi. A Kapalamula amadziwa kumene amakhala. Amadziwa kuti sanabe. Pepala ali nalo, cholembera ali nacho.

Kalatayo sanalembe.